Mukapita ku Bazaruto, Phazi Lisaponde Makorali

Owerenga athu amene mukukonzekera tchuthi chanu choyamba ku nyanja yamchere, taganizirani zilumba za Bazaruto ku Mozambique, zotetezedwa ndi boma kuyambira 1971. Boti amakwerera ku Vilankulo. Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala, pakuti dzinja limadza ndi anamondwe. Musananyamuke, zolowerani kupuma ndi kapaipi m'madzi osaya. A ku Malawi angaphunzirire ku Cape Maclear.

Mukafika pa Two Mile Reef, muziyandama, osaimirira ayi. Makorali amaoneka ngati miyala, komatu ndi tinyama tamoyo tokula pang'onopang'ono. Phazi limodzi lingaswe zimene zinatenga zaka kuti zikule, chonsecho m'menemo ndi momwe nsomba zimene asodzi a kumeneko amadalira zimadya ndi kubisala.