Ndege ilipire ntchito, osati kungodutsa

Ndege yochokera ku Johannesburg kupita ku Nairobi imadutsa pamwamba pa mayiko angapo osatera. Anthu pansi amangoona kamzere koyera kumitambo. Nanga mayiko odutsidwawo ali ndi ufulu woidula msonkho?

Nkhaniyi mayiko adaikambirana mumzinda wa Chicago mu 1944. Gawo 1 la pangano lawo likuti dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga mwake. Koma gawo 15 likuletsa kulipiritsa ndege pachifukwa chongoti yadutsa basi. Chololedwa n'kulipiritsa ntchito: akatswiri oongolera ndege pawailesi kuti zisawombane, makina a radar komanso uthenga wa zanyengo. Ku Ulaya, bungwe la Eurocontrol limawerengera ndalamayi poona kulemera kwa ndege ndi mtunda womwe yayenda.

Lamuloli n'lanzeru, ndipo aliyense wogulitsa mumsika angalimvetse. Mayi wa tomato sadandaula kudula chiphaso ngati khonsolo ikusesa, zimbudzi zili zaukhondo ndipo mpopi ukutuluka madzi. Koma khonsolo itayamba kulipiritsa munthu wongodutsa pamsewu wa kuseri kwa msika, kumeneko n'kulanda.

Dziko la Russia lidachita zoterozo kwa zaka zambiri. Kuyambira nthawi ya Soviet Union, makampani a ndege a ku Ulaya ankalipira mamiliyoni mazanamazana a madola pachaka kuti adutse ku Siberia popita ku Japan ndi ku China. Chodabwitsa n'chakuti gawo lalikulu la ndalamazo linkapita ku Aeroflot, kampani yomwe ankapikisana nayo pamalonda. Mu 2006 Russia idalonjeza kuti ithetsa mchitidwewu pofika 2014, koma lonjezolo lidathera papepala.

Ena amati dziko losauka lisalekerere ndalama ikuuluka pamutu pake. Mfundo yawo ndi yomveka, koma msonkho wotere saulipira mwini ndege ayi. Amauwonjezera pa tikiti ndi pa mtengo wa katundu, mankhwala omwe. Ndipo dziko limodzi likayamba, anzake nawo amabwezera. Dziko lopanda nyanja yamchere ngati Malawi, lomwe ndege zake sizingapite kunja osadutsa kwa eni, ndilo lingalire kwambiri.

Kutseka njira nako kuli ndi mtengo wake. Mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itabuka, Russia ndi mayiko a ku Ulaya adatsekerana mlengalenga. Ndege za British Airways zochokera ku London kupita ku Tokyo zidayamba kulambalala, ulendo n'kutalika ndi maola angapo, mafuta nawo n'kumapita ochuluka.