Asonkhe Ndani Ndarama za Cionetsero?

Mu mzinda wa Venice, m'dziko la Italy, mumacitika cionetsero cacikuru ca nchito za amisiri ojambula ndi osema. Cinayamba m'caka ca 1895, ndipo cicitika kamodzi pa zaka ziwiri ziri zonse. Maiko ambiri atumizako amisiri ao, ndipo dziko liri lonse lionetsa zace m'nyumba yaceyace. Zimbabwe inayamba kutero mu 2011. Angola inapitako koyamba mu 2013, nilandira mphotho yoposa zonse ya nyumba za maiko.

Masiku ano amisiri ambiri sangopacika zithunzi pakhoma ai. Atenga zinthu wamba, monga matebulo, mabotolo, nsaru ndi mau a anthu, nazisanja m'cipinda kuti wolowamo aone mlandu umene mmisiri afuna kuuzenga. Mu 2009 Anawana Haloba, wobadwira ku Livingstone, amene anayamba maphunziro a luso lace pa Evelyn Hone College ku Lusaka, anaonetsa ku Venice nchito yotere. Anamanga thandala la malonda longa la pamsika, naikapo katundu wolembedwa mau odzudzula macitidwe a maiko olemera a G8 pa maiko osauka. Mai ali yense wogulitsa nthoci pa mseu wa ku Nyimba akanaimva nchitoyo msanga, pakuti adziwa bwino kuti mtengo aunena ndi amene ali ndi ndarama m'thumba.

Koma kupita nayo nchito yotere kutsidya kwa nyanja kufuna ndarama zambiri. Pali lendi ya nyumba, pali mtengo wonyamulira katundu pa sitima kapena pa ndege, pali malipiro a oyang'anira cipindaco pa miyezi ngati isanu ndi umodzi. Nanga ndarama zimenezi zicokere kuti? Yankho loyenera ndi lakuti eni dziko asonkhe okha.

Ena anena kuti alendo olemera alipire. Otere akumbukire zimene zinagwera Kenya. Mu 2013 nyumba yochedwa dzina la Kenya inadzala ndi nchito za amisiri a ku China, ndipo oiyendetsa anali a ku Italy. Mu 2015 zinayambanso cimodzimodzi, mpaka amisiri a ku Kenya anadandaula kolimba, boma lao niliikana nyumbayo. Dzina linali la Kenya, koma olankhula m'katimo anali ena. Munthu amene asiya munda wace wosalima asadabwe akapeza mnzace atabzalamo mbeu zace.

Ena anena kuti boma ndilo lilipire zonse. Inde, boma liri ndi udindo wace, ndipo ncifukwa cace National Arts Council inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994. Komatu mmisiri wodzudzula akuru sangagone tulo ngati thumba lonse liri m'manja mwa akuruwo. Ku Australia, mu February 2025, bungwe la boma linacotsa Khaled Sabsabi, amene linali litamsankha kale kupita ku Venice, pamene andale anafunsa za nchito zace zakale m'nyumba ya malamulo. Linambweza mu July caka comweco, amisiri anzace atakana kukhala cete. Ngati zotere zicitika m'dziko lolemera, kuli bwanji kumene mmisiri alibe kwina kopempha?

Pali mau ena olemera koposa amenewa. Munthu wa ku Petauke anganene kuti: "Mu 2024 cilala cinapsereza cimanga, anthu nagona ndi njala. Kodi nkwanzeru kusonkhera zoonetsa Azungu?" Funso limeneli nloyenera, ndipo wolinyoza sanaione njala. Koma palibe apempha ndarama ya ufa kapena ya mankhwala. Ndiponso za cilala, za mtengo wa thonje ndi nshawa, za ngongole za dziko, ndizo zimene mmisiri wacilungamo akanakanena pamaso pa anthu a maiko amene agula mbeuzo ndi kukongoza ndaramazo. Mlandu wa mlimi ukanenedwa ndi alendo okha, ufika utasukuluka.

Anthu a dziko la Kalindawalo adziwa kusonkha. Asonkha pa maliro, asonkha pomanga chalichi, acita cilimba, ndipo pa mwambo wa Tuwimba safika kwa mfumu cimanjamanja. Lero ngakhale wokhala ku Lusaka kapena ku Migodi atha kutumiza makwacha ocepa pa foni. Mutu umodzi susenza denga, koma anthu zikwi oponya pang'onopang'ono sangauzidwe ndi munthu mmodzi kuti atseke pakamwa mmisiri wao.

Kusonkha kotere kukhale ndi malamulo atatu. Loyamba, ndarama zonse zolowa ndi zoturuka ziwerengedwe poyera, kuti pasakhale wonenepa ndi thukuta la anzace. Laciwiri, wosankha nchito asakhale wandale kapena wopereka zambiri, koma amisiri odziwa, monga a bungwe la Visual Arts Council pa nyumba ya Henry Tayali ku Lusaka. Lacitatu, nchitoyo iyambe yaonetsedwa kwao, pa Petauke ndi pa Nyimba, isanakwere ndege. Ngati inena za anthu a kumudzi, iwo ndiwo oyamba kuweruza ngati yanena zoona.

Nchito imeneyi igwera anyamata ndi atsikana amene angotsiriza sukulu. Iwo adziwa kulemba makalata, kusunga buku la ndarama, ndi kufotokozera makolo ao. Akaileka, maiko adzapitirira kusonkhana ku Venice, ndipo za mlimi wa ku Petauke zidzanenedwa ndi munthu amene sanagwirepo khasu.