MBIRI YA DZIKO LINO: Nyumba ya Mkuwa pa Phiri la Manda

Munthu wocokera ku Chipata, Katete, Petauke kapena Nyimba, akamalowa mu mzinda wa Lusaka pa mseu waukulu wa Kum'mawa, amapita pafupi ndi kaphiri kochedwa Manda Hill. Ambiri okwera basi sayang'anako, popeza mitima yao imakhala ili kale pa katundu ndi pa abale amene akuwadikira ku siteshoni. Koma pamwamba pa kaphiri kameneka pali nyumba imene zokambidwa m'kati mwake zimafika mpaka pa nkhokwe ya mlimi wa ku Chadiza ndi pa cipatala caching'ono ca ku Lundazi. Imeneyi ndiyo Nyumba ya Malamulo ya dziko la Zambia.

Malo amene nyumbayi inamangidwapo ali ndi mbiri yake. Njanji isanafike m'caka ca 1905, pa kaphirika panali mudzi wa nyakwawa Lusaaka. Dzina la mkuluyu ndilo linapatsidwa ku siteshoni ya sitima, ndipo pambuyo pake linakhala dzina la mzinda wonse. Motero pamalo pamene kale panali bwalo la mudzi umodzi, lero pali bwalo la mitundu yonse ya m'dziko muno.

BWALO LOPANDA ENI DZIKO

Bwalo lopanga malamulo silinayambire pa Manda Hill ai. Linakhazikitsidwa m'caka ca 1924, pamene boma la Britain linalandira dziko la Northern Rhodesia kucokera m'manja mwa kampani ya British South Africa. Masiku amenewo likulu linali ku Livingstone, ndipo wokhala pampando anali Bwanamkubwa mwini. Likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935, bwaloli linayamba kukumana m'nyumba ya maofesi a boma imene tsopano ichedwa Cabinet Office.

Kwa zaka 24 munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi m'bwalo limeneli. Malamulo a msonkho, a malo ndi a nchito za kumigodi anali kupangidwa eni dziko ali panja. Madandaulo ao anali kunenedwa ndi azungu osankhidwa ndi Bwanamkubwa, monga Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu. Mu 1948 ndi pamene anthu akuda awiri oyamba, a Henry Kasokolo ndi a Nelson Nalumango, analowamo.

Ufulu utabwera pa 24 October, 1964, atsogoleri anaona kuti si coyenera kuti dziko lodzilamulira lizipangira malamulo m'cipinda cosiyidwa ndi atsamunda. Nyumba yatsopano inamangidwa ndi kutsegulidwa mu 1967. Omanga anaikonza kuti maofesi azungulire cipinda cacikulu cokambiramo, ndipo cipindaco cinatukulidwa pamwamba ndi kukutidwa ndi mkuwa. Mkuwawo sunaikidwe kaamba ka kukongola kokha. Ndiwo cuma cimene cinakopa atsamunda, ndiwonso cimene amuna ambiri a m'midzi anasiyira mabanja ao kunka ku Kitwe, Luanshya ndi Mufulira. Kuuika pamutu pa Nyumba ya Malamulo kunali kulengeza kuti cumaco tsopano cili pansi pa ulamuliro wa eni ake.

M'katimo mwambo ndi wolimba monga wa pabwalo la mfumu. Sipikala akamalowa, patsogolo pake pamayenda wonyamula ndodo yaulemu, ndipo ndodoyo ikaikidwa pa tebulo, nkhani zimayamba. Phungu salankhula kwa mnzake mwacindunji koma kupyolera mwa Sipikala, monga momwe wodandaula amalankhulira kupyolera mwa nduna. Lamulo latsopano limawerengedwa katatu, limapendedwa ndi kabungwe ka aphungu, ndipo likavomerezedwa limapita kwa Mtsogoleri wa dziko kuti alisaine. Sipikala woyamba wakuda anali a Wesley Nyirenda. A Robinson Nabulyato anakhala pampandowo kuyambira 1969 mpaka 1988, nabwereranso mu 1991 mpaka 1998. Mu 2021 mai Nelly Mutti anakhala mkazi woyamba kusankhidwa pa udindowu.

Makoma a nyumbayi aona zazikulu. M'menemo munavomerezedwa lamulo la cipani cimodzi mu December 1972, ndipo m'menemonso lamulolo linafafanizidwa mu December 1990, kutsegula njira ya cisankho ca zipani zambiri ca pa 31 October, 1991.

NYUMBA ZIWIRI ZA MTSOGOLERI

Wofuna kumvetsa mbiri ya utsogoleri wa dziko lino ayenera kuona nyumba ziwiri zosiyana kotheratu. Yoyamba ndi State House, pa mseu wa Independence Avenue. Inamangidwa pa nthawi imene likulu linali kusamukira ku Lusaka kuti ikhale ya Bwanamkubwa, ndipo inali kuchedwa Government House. Ili ndi nsanamira zazitali ndi bwalo lalikulu la udzu ndi mitengo, monga mwa mamangidwe a Angelezi. Bwanamkubwa wotsiriza kukhalamo anali Sir Evelyn Hone.

Yaciwiri ili m'komboni ya Chilenje, nambala 394. Ndi kanyumba wamba, kofanana ndi tinzake timene tinamangidwira anchito akuda a m'tauni. M'menemo a Kenneth Kaunda anakhala ndi mai Betty ndi ana ao kuyambira January 1960 mpaka December 1962, zaka zimene cipani ca UNIP cinali kumenyera ufulu, kuphatikizapo nyengo ya Cha Cha Cha mu 1961. Lero kanyumbaka kamasungidwa ngati cikumbutso ca dziko. Mlendo amaonamo mipando, mabedi ndi ziwiya za banjalo, ndipo panja pali galimoto ya Land Rover imene anali kuyendera m'maboma. Galimotoyo inatenthedwa pa cipolowe ca mtengo wa ufa mu June 1990, ndipo zipsera zake nazo ndi phunziro: anthu amene amakweza mtsogoleri ndi omwewo amene amakwiya njala ikalowa m'nyumba.

Kucokera ku Chilenje kufika ku State House ndi ulendo waufupi, koma unatheka cifukwa ca anthu zikwizikwi a m'midzi ndi m'makomboni amene maina ao sanalembedwe pa khoma lililonse.

KUMENE ATSOGOLERI AGONA

Moyang'anana ndi Cabinet Office pali malo ochedwa Embassy Park. Woyamba kuikidwa kumeneko anali a Levy Mwanawasa, amene anamwalira ku Paris pa 19 August, 2008. Ciliza cao cinamangidwa ngati mpando wacifumu wa miyendo inai, popeza anamwalira ali pampando. Ca a Frederick Chiluba, amene anamwalira mu 2011, cili ngati nyumba yopemphereramo, pokumbukira kuti ndiwo analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lacikhristu. Ca a Michael Sata, amene anatsikira kuli cete ku London mu 2014, cinatengera kacisi wa Solomo ndipo cili ndi Malamulo Khumi. A Kaunda anaikidwa komweko pa 7 July, 2021, ndipo a Rupiah Banda anatsatira mu March 2022. Ena mwa iwo anali kulimbana koopsa ali moyo, koma lero agona m'mpanda umodzi.

Nanga zonsezi zikhudza bwanji banja la kumudzi? Caka ndi caka Nduna ya Zacuma imabweretsa ku Manda Hill ndondomeko ya ndalama za boma, ndipo palibe ngwee imene iyenera kugwiritsidwa nchito aphungu asanavomereze. Ndalama za fetereza, za kugulira cimanga, za mankhwala ndi za malipiro a aphunzitsi zimadzera pansi pa denga la mkuwa lija. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, limene linayamba mu 1995, linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Mlatho ukapanda kumangidwa kapena mjigo ukapanda kukumbidwa, anthu ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalamazo zapita.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la pa Manda Hill ndi lolemera, ndipo aphungu okha sangalisenze ngati owatuma ali cete. Phungu akafika m'dera lake, anthu asamufunse za copereka ca pamaliro cokha. Amufunsenso zimene analankhula m'Nyumba ndi mbali imene anaponya voti yake. Aphunzitsi amene angathe kutengera ana a sukulu ku Lusaka acite bwino kuwaonetsa malo amenewa, kuyambira pa kanyumba ka ku Chilenje ndi kutsirizira pa phiri la nyakwawa Lusaaka.