Tidzanyamula Zikwama Mpaka Liti?

Pali mawu atatu amene alemaza ana a dziko lino kuposa ndodo ya mphunzitsi wankhanza. Mawuwo ndi akuti, "Za azungu izo." Mwana akafuna kukwera phiri popanda kukatema nkhuni, za azungu izo. Akafuna kumira m'nyanja kuti akaone mbuna m'miyala popanda kuponya mbedza, za azungu izo. Mawuwa timawalankhula moseka, mwinanso monyadira, ngati kuti kusadziwa chinthu ndi ulemu wa mtundu wathu. Ine ndikuti mawu amenewa ndi msampha, ndipo msamphawo watchedwa kale pa njira ya masewera ena amene akufalikira m'maiko a mapiri ndi nyanja, masewera ouluka ndi phiko la nsalu, amene pa Chingerezi amawatcha paragliding.

Poyamba tidziwe chinthucho, pakuti ambiri amene amachinyoza sadachionepo. Phikolo ndi nsalu yopepuka ya nayiloni, yosokedwa mophatikiza, yokhala ndi timatumba totseguka kutsogolo. Mphepo ikalowa m'timatumbamo nsalu ija imafufuma nikhala ngati phiko la mbalame. Kuchokera ku nsaluyo kumatsika zingwe zambiri zopyapyala zimene zimagwira malamba amene munthu wadzimanga nawo. Injini palibe, mafuta palibe. Munthu amayala nsalu pamwamba pa phiri, nayang'ana kumene mphepo ikuchokera, nathamanga mapazi ochepa chabe, basi mapazi aja asiyana ndi nthaka. Akakoka chingwe cha kumanja amakhotera kumanja, akakoka cha kumanzere amakhotera kumanzere, akakoka zonse ziwiri liwiro limachepa. Mlengalenga amayenda pafupifupi makilomita 35 kapena 40 pa ola, ndipo katundu yense amakwana m'chikwama chimodzi chobereka kumsana, chopepuka kuposa thumba la makala limene mnyamata amakankha panjinga. Masewerawa adayamba kutchuka m'chaka cha 1978 pamudzi wa Mieussy ku France, pamene anthu ozolowera kudumpha m'ndege ndi parachuti adayesa kunyamukira paphiri. Amene adayambitsa zimenezi adali anthu a magazi ndi mafupa ngati ife, osati angelo.

Nanga ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota zikutikhudza bwanji? Taonani zimene zidachitika ndi mpikisano wa mabwato a matanga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, kwa zaka zambiri ndithu, mabwato amenewa ankanyamuka ku Mangochi m'mwezi wa Julaye kulowera kumpoto, akukankhidwa ndi mwera, ndipo Nkhotakota adali malo amodzi ogonapo paulendowo. Ife tinkatani? Tinkaima pamchenga, manja kumbuyo, kumati za azungu izo. Chonsecho doko lomweli ndilo lidali la zombo za matanga za Jumbe m'zaka za m'ma 1800, zimene zinkawoloka nyanjayi ndi mphepo yomweyo. Malonda a zombozo adali oipa, a akapolo ndi minyanga, ndipo mtengo umene David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ndi mboni ya zimenezo. Koma luso lomanga thanga ndi kuwerenga mphepo lidali pano, m'manja mwa anthu akuda. Lidapita kuti? Tidalitaya tokha, kenaka litabwera m'manja mwa alendo tidalipatsa dzina lachilendo. Zoterezi zachitikanso ku Mulanje, kumene mnyamata amene amadziwa mwala uliwonse wa phirilo amatchedwa wonyamula katundu, pamene amene akuwefuka pambuyo pake ndiye amatchedwa wokwera mapiri.

Tsono amene amati munthu wakuda sangauluke achedwa nawo mawuwo. Godfrey Masauli, mnyamata wa Chimalawi, adakumana ndi Benjamin Jordan wa ku Canada, katswiri wa masewerawa. Awiriwa adayenda panjinga m'midzi, akupanga makaiti ndi ana a sukulu, uku Masauli akuphunzira kulamula nsalu ija pansi, kugwa ndi kudzuka, mpaka tsiku limene adauluka kuchokera paphiri la Mulanje. Nkhani yake ili m'kanema wotchedwa The Boy Who Flies amene adatuluka mu 2013, ndipo mawu amene iye amakonda kuuza ana ndi amodzi okha: ndizotheka. Ku Nepal, dziko losauka la mapiri limene anthu ake adatchuka ndi kusenzera alendo katundu, amuna awiri a komweko, Sano Babu Sunuwar ndi Lakpa Tsheri Sherpa, adakwera phiri la Everest mu Meyi 2011 natsika pamwamba pake ndi phiko limodzi la nsalu. Mumzinda wa Pokhara, umene uli m'mbali mwa nyanja ya Phewa, anyamata a komweko adaphunzira kuulutsa alendo awiriawiri, mlendo kutsogolo mwini phiko kumbuyo, ndipo ndalama ya mlendoyo imagona m'mudzi. Iwo sadati za azungu izo.

Ena amanong'ona kuti munthu wouluka popanda injini ndi mfiti basi, pakuti tonse tidakula tikumva za ndege za lichero. Nkhani iyi si yoseketsa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu adaphedwa ndi magulu a anzawo popanda mlandu, ena chifukwa chongokhala achilendo pamalopo. Tsono taganizani munthu wovala chisoti ndi magalasi akuda akutera kuchokera kumwamba m'munda wa chinangwa, m'mudzi umene sudamvepo za masewerawa. Adzapeza mpata wofotokoza? Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili m'buku, pamene mwala uli m'manja. Mankhwala ake ndi amodzi: maphunziro. Zimene zimanyamula nsaluyo zili m'buku la sayansi. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wa pamwamba pa nthakayo umapepuka nukwera. Kamtema ndi muimba zikamazungulira mlengalenga masana osakupiza mapiko, zakwera pa mpweya womwewo. Kodi muimba ndi mfiti? William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu limene tachita nalo malire, adamutcha wamisala pamene ankamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Babu litayaka, omwe ankamusekawo adabwera kudzatchajitsa mafoni.

Ena, ndipo awa ndimawalemekeza, amati dziko la njala lisamakambe zouluka. Amatikumbutsa za madzi osefukira amene adasamutsa mabanja ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, za usipa umene ukuchepa, za mtengo wa feteleza. Amanenanso zoona kuti phiko latsopano pamodzi ndi malamba ake limagulidwa madola zikwi zingapo, ndipo nsaluyo imafooka ikakhala padzuwa maola mazana angapo. Zonsezi nzoona. Koma kodi tikakana ife, masewerawo aleka kubwera? Mlendo amene ali ndi ndalama zake sadikira kuti ife tikhute. Adzabwera ndi phiko lake, mphunzitsi wake ndi galimoto yake, adzagona pamalo ogona alendo a mnzake, ndipo ife tidzatsala ndi ntchito imene tidaizolowera, yonyamula chikwama kukwera nacho phiri ndi kupinda nsalu akatera. Njala si chifukwa chokanira luso. Njala ndicho chifukwa chenicheni cholilandira msanga, pamene mitengo ya ntchitoyo isadagawidwe. Mpira nawo udabwera ndi alendo, ndipo palibe adati tidikire kaye nkhokwe zidzaze.

Komabe ndisanamize ophunzira kuti Nkhotakota ndi malo osavuta kuulukapo. Gombe lathu ndi lathyathyathya. Kuchokera ku Benga kudutsa ku Chia mpaka ku Dwangwa ndi madambo a mpunga, minda ya chinangwa ndi nzimbe. Mapiri ali chakuzambwe, ndipo lalikulu mwa iwo, Chipata, lotalika mamita oposa 1,600, lili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Nkhalangoyi, ya masikweya kilomita 1,800 m'bwalo lake lonse, idayamba kuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 mudalowetsedwa njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Amenewo si malo oterapo munthu mwachisawawa. Tiwerengenso masamu pang'ono. Phiko labwino, mphepo itadekha, limapita kutsogolo mamita 8 kapena 9 pa mita iliyonse imene latsika. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere. Choncho wonyamuka pamalo okwera mamita 1,000 kuposa gombe angayende makilomita 9 okha ngati sapeza mpweya womukweza. Amene angalonjeze mlendo kuti adzanyamuka pa Chipata nkukatera pamchenga wa ku Sani ngati akutsika masitepe ndi wabodza. Malo ophunzirirapo ayenera kufunidwa pazitunda zopanda mitengo kunja kwa mpanda wa nkhalango, chakumtunda kolowera ku Ntchisi. Pachigwa penipeni njira ilipo ina, yokoka phiko ndi chingwe chachitali monga mwana akokera kaiti, kufikira wouluka atakwera ndi kumasula chingwecho.

Chimene tili nacho, chimene mlendo sangabwere nacho m'chikwama, ndi kudziwa mphepo. Apa ndipo pagona nkhani. Msodzi wa ku Nkhotakota sadalowe m'kalasi ya jogalafe, koma amadziwa kuti mwera umalusa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuti ukhoza kuwomba masiku angapo osapuma, ndiponso kuti nyanja ikhoza kugona m'mawa nkudzuka ndi ukali dzuwa lisadafike pamutu. Mwera womwewu ndiwo udamiza sitima ya Vipya mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 nkutsala m'madzi. Mphepo imene idagonjetsa chitsulo singachite manyazi ndi nayiloni. Phiko la nsalu limafuna mphepo yofatsa, ndipo ikapitirira makilomita 25 pa ola munthu wanzeru amapinda nsalu yake nakhala pansi. Nyengo yoyenera ndi chilimwe, kuyambira Seputembala, pamene mwera wagona ndipo vuma akuwomba kuchokera kunyanja. Popeza ife tili kuzambwe kwa nyanja, mphepo ya kuvuma imagunda zitunda zathu chamaso nikwera nazo, ndipo kukwera kumeneko ndiko kumene wouluka amafuna. Masana nthaka imatentha msanga kuposa madzi, motero mpweya wozizira wa panyanja umathamangira kumtunda; usiku zimatembenuka. Msodzi amazidziwa izi m'khungu lake. Amadziwanso kuti mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, akavuluvulu amanyamula fumbi ndi madenga a udzu, ndipo kavuluvulu wotere akhoza kupinda phiko mlengalenga ngati mpango. Amadziwa kuti mitambo yakuda ya Novembala ikayamba kuunjikana kumapiri, mpoto ali pafupi. Safunsa adadya phula. Katswiri wochokera ku Annecy kapena ku Cape Town amene anganyoze nzeru za mkulu wa padoko adzaphunzira mochedwa.

Ngozi zilipo, ndipo amene amazibisa ndi mdani wa masewerawa. Anthu amathyoka miyendo ndi misana, ena amafa, m'maiko omwe ali ndi zipatala zabwino ndi ndege zopulumutsira anthu. Kugwera m'madzi nkoopsa kuposa mmene osadziwa amaganizira, chifukwa zingwe zimakulunga miyendo, ndipo kumathiriro a Bua ndi m'thamanda la Chia muli ng'ona ndi mvuu. M'mbali mwa msewu wa M5 muli mawaya a magetsi amene saoneka bwino kuchokera kumwamba. Nchifukwa chake ku South Africa munthu salandira chiphaso choyamba asadauluke maulendo 35 pamaso pa mphunzitsi ndi kulemba mayeso. Ifenso tisalole munthu aliyense wogula phiko lakutha pa intaneti kuti aziyeserera pa ana a eni ake. Bungwe loyang'anira za maulendo a pandege m'dziko muno liike malamulo omveka: chisoti, parachuti yapadera yodzipulumutsira, chiphaso cha mphunzitsi, ndi kumvera machenjezo a nthambi ya zanyengo amene amaulutsidwa pawailesi.

Koma lamulo lalikulu liikidwe ndi ife eni nthaka, kudzera mwa mafumu ndi khonsolo ya boma lino, mlendo woyamba asadayale nsalu yake. Phiri lonyamukirapo lisagulitsidwe ndi kutchingidwa ndi waya monga magombe ena atchingidwira, mpaka amayi kusowa potsukira mbale. Poterapo pagwirizanidwe ndi mwini munda, ndipo mbewu zikawonongeka zilipiridwe. Manda ndi dambwe zilemekezedwe, pakuti wa kumwamba amaona zimene wa pansi saloledwa kuona. Midzi yozungulira iuzidwe nkhaniyi kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti. Pamwamba pa zonse, aliyense wopempha chilolezo chochita malonda amenewa alembe pachikalata kuti adzaphunzitsa achinyamata angati a m'boma lino, anyamata ndi atsikana omwe, kufikira atalandira ziphaso zoulutsa alendo okha. Akakana zimenezo, chilolezo asapatsidwe.

Aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, gawo lanu silifuna ndalama. Pepala lapulasitiki, timitengo tiwiri ta bango ndi ulusi zikwanira kupanga kaiti. Tulukani nawo anawo pabwalo la mpira m'mwezi wa Seputembala chakumadzulo, alembe m'makope mwawo kumene mphepo ikuchokera, nthawi imene yayamba ndi nthawi imene yaleka, tsiku ndi tsiku mpaka mvula yoyamba. Muitane msodzi wachikulire wa padoko la pafupi adzakhale pampando wanu kwa ola limodzi, afotokoze kusiyana kwa vuma ndi mwera, ana amufunse mafunso, ndipo zimene anene zilembedwe m'Chichewa.