Tisitima ta Patebulo: Sukulu ya Nthawi ndi Dongosolo (Gawo Loyamba)

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, madokotala, abusa, oyendetsa mabasi ndi aphunzitsi, amene akaweruka ku ntchito amalowa m'kachipinda nayamba kuyendetsa tisitima tating'onoting'ono pa njanji yoyalidwa patebulo. Munthu wa kwathu kuno akamva zotere amaseka nati, "Kodi ndalama zikachuluka, nzeru zimabwerera ku ubwana?" Funsoli ndi lomveka. Komabe ine ndikuti masewera amenewa, akachitidwa m'njira yake, ali ndi phunziro limene ife aphunzitsi timavutika nalo chaka ndi chaka, ndilo kuphunzitsa mwana kusunga nthawi, kuwerengera zinthu zisanachitike, ndiponso kudziwa kuti ntchito yake yamangirizika ku ntchito ya mnzake.

Tiyambe ndi mbiri yake mwachidule. M'chaka cha 1891 kampani ya Märklin ya ku Germany idaonetsa mumzinda wa Leipzig tisitima toyenda ndi sipuling'i pa njanji zolumikizika za muyeso umodzi. Ku Liverpool, Frank Hornby adayamba kugulitsa take mu 1920. Lero muyeso wofala kopambana ndi umene amautcha HO, m'mene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 16.5. Bogi la anthu lotalika mamita 26 limasanduka kabogi ka masentimita 30. Koma taonani vuto: kilomita imodzi yokha ya njanji yeniyeni imafuna mamita 11 ndi theka. Ndani ali ndi chipinda chotere? Luso lonse la masewerawa lagona pa kusowa malo kumeneku.

Eni tisitima alipo a mitundu iwiri. Ena amayala njanji yozungulira, naika kasitima, nakayang'ana kakuthamanga ngati galu wofuna kugwira mchira wake. Otere sachedwa kutopa, pakuti ulendo wopanda kochokera ndi kopita suli ulendo. Ena amatsata maganizo a Frank Ellison wa ku New Orleans, munthu amene adagwirapo ntchito m'nyumba za zisudzo, amenenso mu 1944 adalemba nkhani zingapo m'magazini ya Model Railroader. Iye adayerekeza tebulo la njanji ndi bwalo la sewero: tisitima ndiwo ochita sewero, ndipo ndandanda wa nthawi ndiyo nthano imene akusewera. Ine ndili kumbali ya Ellison, ndipo ndikuonjezapo kuti sitima ya anthu ndiyo imaphunzitsa koposa ya katundu. Thumba la chimanga likagona usiku pasiteshoni silidandaula. Koma munthu ali ndi mayeso, maliro, mlandu ku khoti, kapena sitima ina imene ayenera kuipeza kutsogolo. Woyendetsa tisitima ta anthu amakakamizidwa kuganizira anthu osaonekawo.

Taganizani za siteshoni yothera njanji. Sitima ikalowa, injini yake imakaima kumapeto, mabogi ali kumbuyo kwake, ndipo yatsekeredwa ngati mbewa kuuna. Kuti sitima ibwerere, pali njira ziwiri. Mwina pakhale njanji ina yapambali yoti injini idzere n'kukagwira mabogi kumbali inayo, kapena injini yachiwiri imene imadikira pambali ibwere kudzatenga mabogiwo, yoyamba ija n'kutsala kudikira sitima yotsatira. Mu 1957 Cyril Freezer, mkonzi wa magazini ya Railway Modeller ku Britain, adajambula pulani ya kasiteshoni kongopeka ka mu London kotchedwa Minories, ka mapulatifomu atatu okha, kotsata njira yachiwiriyi. Mpaka lero anthu akumangabe kasiteshoni kameneka, chifukwa pa malo ochepa pamatuluka ntchito yambiri: sitima iyi ilowe pulatifomu iti, injini iti ili yomasuka, ndani ayambe kutuluka. Kumapeto ena a tebulo amaikako njanji zobisika kuseri kwa chotchinga, ndipo kuseriko kumaimira dziko lonse kumene sitima zimachokera ndi kupita.

Nanga mtunda waufupiwo amauchita bwanji? Apa ndipo pamalowa masamu. Sitima yoyenda makilomita 60 pa ola, ikachepetsedwa ka 87, iyenera kuyenda masentimita 19 pa sekondi imodzi. Masiteshoni awiri otalikirana mamita 4 patebulo, kasitima kamawalumikiza m'masekondi 21 okha, ndipo palibe ndandanda wanzeru umene ungalembedwe ndi nthawi yotere. Choncho eni ake amagwiritsa ntchito wotchi yothamanga. Ikathamanga ka 12, masekondi 21 aja amasanduka mphindi zinayi, ndipo tsiku lathunthu la maola 24 limatha m'maola awiri. Mphunzitsi aliyense wa masamu waona kale kuti m'ndime imodzi yomweyi muli kuchepetsa muyeso, liwiro, mtunda, nthawi ndi kusintha miyeso, mitu yomwe ija imene ana athu amaiwona ngati chilango pa bolodi.

Phunziro lalikulu lili pa njanji ya mzere umodzi, pamene sitima ziwiri zoyang'anizana zingapambane pa siteshoni yokhayo imene ili ndi njanji yapambali. Tinene kuti sitima yochokera kumwera imatenga mphindi 40 kufika pa siteshoni yapakati, ndipo yochokera kumpoto imatenga mphindi 25. Kuti zikumane 9 koloko, yoyamba inyamuke 8:20, inzake 8:35. Ya kumwera ikachedwa ndi mphindi 10, ya kumpoto iyenera kuima, ngakhale idasunga nthawi bwinobwino. Ikatero nayonso imafika mochedwa kumene ikupita, ndipo sitima yachitatu imene imadikira kuti njanji imasuke imalowa m'mavuto omwewo. Mwana amene waona ndi maso ake kuchedwa kwa munthu mmodzi kukuyenda ngati matenda opatsirana safunanso ulaliki wautali wonena za kusunga nthawi. Mbusa wina wa mpingo wa Anglican, Peter Denny, amene adamwalira mu 2009, adamanga njanji yake yotchuka ya Buckingham yoonetsa England wa m'chaka cha 1907, ndipo ankaiyendetsa ndi ndandanda ndi mabelu monga njanji yeniyeni. Mwana wake Crispin, amene ankayendetsa mbali ina, atachoka pakhomo, mbusayo adapanga makina oti agwire ntchito ya mwanayo. Adadziwa kuti masewerawa ndi a anthu awiri omverana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Malamulo amene eni tisitima amatsanzira adalembedwa ndi magazi. Pa njanji za mzere umodzi ku Britain, woyendetsa sitima sankaloledwa kulowa m'chigawo cha njanji popanda kachitsulo kolembedwa dzina la chigawocho, ndipo makina sankatulutsa tizitsulo tiwiri ta chigawo chimodzi nthawi imodzi. Pa 26 January 1921, pa siteshoni ya Abermule ku Wales, antchito adasokonezana napatsa woyendetsa sitima kachitsulo komwe kaja iye adangokapereka kumene, ka chigawo chimene adadutsa kale. Iye sadakawerenge. Adanyamuka nakagundana ndi sitima yochokera ku Aberystwyth, ndipo anthu 17 adafa. Makina adali abwino. Chidasowa ndi munthu mmodzi woti ayang'ane chimene wapatsidwa m'manja. Patebulo, cholakwa chotere chimagwetsa kabogi ka pulasitiki, ndipo wophunzira amaphunzira popanda maliro.

Tsono wina adzati, "Aphunzitsi, zimenezi ndi za anthu olemera. Sukulu imene ikusowa mabuku ndi madesiki ingagule tisitima ta ku Germany?" Apa wanena zoona, ndipo sindikupempha mphunzitsi wamkulu aliyense kuti agule ngakhale kabogi kamodzi. Mumzinda wa Hamburg muli Miniatur Wunderland, imene mapasa awiri, Frederik ndi Gerrit Braun, adatsegula mu 2001. Njanji zake zimapitirira makilomita 15, ndipo tisitima take timayendetsedwa ndi makompyuta. Ndi chodabwitsa chokaona, koma woonerera amangotsegula pakamwa n'kubwerera kwawo. Phunziro lili mwa iye amene walemba ndandanda ndi dzanja lake, nauyesa, naupeza wolakwika, naukonza. Zimenezo sizifuna magetsi. Ana athu amene amapanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chogwira ntchito sangalephere kulumikiza mabokosi a machesi kukhala sitima.

Winanso adzati ndi kutaya nthawi imene ikadathera pa kukonzekera mayeso. Ameneyo amve za kalabu ya tisitima ya ophunzira a pa yunivesite ya MIT ku America, imene idayamba mu 1946. Anyamata ake ena sankasamala za kukongola kwa tisitima. Mtima wawo udali pansi pa tebulo, pa mawaya ndi zida zakale za telefoni zimene zinkatsegula ndi kutseka njira. Makompyuta atafika pasukulupo, ena mwa iwo, monga Alan Kotok ndi Peter Samson, adakhala m'gulu la akatswiri oyamba kulemba mapulogalamu. Nzeru yake ndi imodzi: ichi chikachitika, icho chiletsedwe, njira iyi ikatseguka, inayo itsekeke.

Ife sitili alendo ku njanji ya mzere umodzi. Yotere ndiyo idafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, ndi ku Nayuchi kudzera ku Nkaya ndi Liwonde mu 1970. Choncho, aphunzitsi anzanga, tengani choko mujambule pansi m'kalasi mzere wochokera ku Limbe kukafika ku Balaka, ndi nthambi yopatukira pa Nkaya. Ikani ana awiri pa siteshoni iliyonse, wina agwire wotchi, wina alembe m'buku nthawi imene sitima iliyonse yafika ndi kunyamuka. Dulani timitengo tolembedwa maina a zigawo, ndipo pasapezeke sitima yoyenda popanda kamtengo kake. Apatseni sitima zinayi za anthu, awuzeni kuti ya kunthambi iyenera kupeza inzake pa Nkaya, ndipo muwasiye alembe okha ndandanda. Tsiku loyamba padzakhala phokoso ndi kulozana zala. Alekeni, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu, kaya mudzakhala anamwino, akalaliki, amakanika kapena eni magolosale, mudzapeza kuti ntchito iliyonse ili ndi wina amene waima pa siteshoni yapakati kudikira kuti inu mufike. Wolemba ntchito amaona satifiketi tsiku limodzi lokha. Masiku ena onse amaona ngati munthu amawerenga kachitsulo kamene wapatsidwa asananyamuke.

M'gawo lachiwiri tidzaona m'mene ndandanda wa sitima amaujambulira papepala la magirafu, nthawi mbali ina, mtunda mbali inayo, kotero kuti mizere iwiri ikapingasana pamalo popanda siteshoni, ngozi imaoneka pensulo isanachoke papepala.