Chaja yanzeru ndi imene idziwa kuti kwathu malaiti amapita

Mamotoka oyendera batire ayamba kuoneka m'misewu ya Lusaka. Sali ambiri, koma amene amadikira minibasi pa Great East kapena pa Kafue Road anaonapo Nissan Leaf kapena BYD ikudutsa zii, yopanda phokoso, yopanda utsi kumbuyo. Boma nalo linatsegula khomo. Mu bajeti ya 2024, nduna ya zachuma Situmbeko Musokotwane inalengeza kuchotsa msonkho wa kasitomu pa mamotoka, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera malaiti, pamodzi ndi zipangizo zochajira.

Chaka chomwecho tinaphunzira phunziro lowawa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, ndipo popeza malaiti athu ambiri amachokera ku madzi, panafika nthawi yoti nyumba zambiri zinkalandira malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Amene anali ndi kangachepe anathamangira mapanelo, invata ndi batire. Lero mukakwera pamalo okwera ku Chalala kapena ku Ibex, mitenje ikung'anima ponseponse.

Zinthu ziwiri izi zikakumana, maganizo amabwera okha: dzuwa n'laulere, motoka ifuna malaiti, ndiye tigule chaja yolembedwa kuti "smart" ndi "solar", tiiwale za filling station. Ife tikuti dekhani pang'ono. Machaja ambiri otchuka anapangidwira mayiko kumene malaiti sapita. Chaja yoyenera nyumba ya mu Zambia ndi imene itha kumvana ndi invata yanu, itha kuchepetsa liwiro, ndipo ilemekeza batire ya m'nyumba. Nambala yaikulu yolembedwa pa katoni ibwere pambuyo.

Tidziwa kuti ena anena kale kuti iyi ndi nkhani ya apamwamba. N'zoona kuti ambiri a ife sitili pafupi kugula motoka yotere. Koma amalume akafuna kuitanitsa chaja pa intaneti, foni amapatsa ndani? Amene akwera pa mtenje kukamanga mapanelo ndani? Amene aphunzira zamalaiti m'makoleji a TEVETA, amene ayendetsa Yango ndipo awerengera mtengo wa petulo madzulo alionse, ndi achinyamata. Chinthu chikalakwika, dzina loipa ligwera ife. Ndiye ndi bwino tichidziwe bwino chinthu ichi chisanafike pakhomo.

Tiyambe ndi mmene chaja ya "solar" imagwirira nchito. Machaja monga Zappi ya ku Britain kapena Wallbox ya ku Spain amadalira kachipangizo kopima, monga CT clamp yomangidwa pa waya waukulu pafupi ndi mita. Kachipangizo aka kamaona ngati malaiti akulowa m'nyumba kuchokera ku kampani kapena akutuluka. Mapanelo akapanga zambiri kuposa zimene nyumba ikudya, zotsala zimatuluka kupita ku mawaya a mumsewu. Chaja ikaona zimenezo imati, "izi zisapite, ndizipereke ku motoka." Mtambo ukabwera imachepetsa, dzuwa likabwerera imaonjeza. Ku London kapena ku Barcelona nzeru imeneyi imagwira bwino, chifukwa mawaya a mumsewu ali amoyo usana ndi usiku.

Manje onani nyumba zathu. Ambiri anaika invata ya hybrid ya 5 kVA ndi batire ya lithium ya pafupifupi 5 kWh, ndipo invata anaichuna kuti isatulutse kalikonse kupita ku ZESCO. Batire ikadzaza masana, invata imangochepetsa zimene ikutenga ku mapanelo. Mphamvu yotsala ilipo, koma sioneka pa waya uliwonse. Kachipangizo kaja kayang'ana, kapeza zero, chaja iganiza kuti palibe chotsala, motoka igona ndi njala dzuwa likuswa mtengo.

Malamulo a net metering amene anabwera mu 2024 amalola munthu kutumiza malaiti otsala ku ZESCO akalembetsa ndi kuikiridwa mita yoyenera. Amene analowa m'dongosolo limeneli, chaja ya mtundu uja idzawagwirira nchito pamene malaiti alipo. Koma load shedding ikafika palibe kotumiza, ndipo tabwereranso pa vuto lomwe lija.

Palinso vuto lina loipa kuposa ili. Munthu akaona kuti "solar mode" sikugwira, amasinthira ku kuchaja mwachangu. Chaja ya single phase pa ma amp 32 imakoka pafupifupi 7.4 kW. Invata ya 5 kVA siingathe kunyamula katundu wotere, imazima, nyumba yonse mdima. Invata ikakhala yaikulu moti n'kupirira, batire ya m'nyumba ndiyo imalipira. Batire ya 5 kWh ikamapereka 7.4 kW dzuwa litalowa, imatha mphindi pafupifupi 40. Batire ya Leaf ya 40 kWh ndi yofanana ndi mabatire a m'nyumba asanu ndi atatu. Kuthira batire ya m'nyumba mu motoka kuli ngati kuthira ndowa imodzi mu dramu: dramu silidzaza, ndowa yauma. Usiku filiji yazima, ndiwo zaonongeka, mwana wa giredi 12 awerengera pa tochi ya foni.

Choncho funso loyamba kwa wogulitsa likhale ili: chaja iyi idziwa bwanji kuti batire ya m'nyumba yadzaza? Mayankho abwino alipo. Makampani ena amapanga invata ndi chaja zolankhulana zokha. Chaja ya Victron, mwachitsanzo, imamvera chipangizo cha GX chimene chimayang'anira batire ndi mapanelo. Ma invata a Deye ndi Sunsynk, amene ali m'nyumba zambiri kuno, ali ndi potulukira potchedwa smart load, pamene mungachune kuti payake batire ikafika pa mlingo wakutiwakuti, n'kuzima ikatsika. Chaja yaing'ono yolumikizidwa pamenepo imadya pokhapokha nyumba itakhuta. Wogulitsa akangoyankha kuti "ili na app", ndiye kuti funso sanalimve.

Tiyeni tiwerengere, chifukwa masamu ndiwo amachotsa mantha ndi matama omwe. Yuniti imodzi imene timagula ku ZESCO ndi 1 kWh. Motoka yaing'ono ya batire imadya mayuniti 15 mpaka 18 pa makilomita 100. Munthu woyenda makilomita 40 pa tsiku, kupita ku nchito, kutenga ana ku sukulu, kudutsira ku Soweto Market, afunika mayuniti 6 kapena 7. Dzuwa lathu likawala bwino, mapanelo a 1 kW amapereka mayuniti 4 mpaka 5 pa tsiku. Ndiye kuti mapanelo atatu kapena anayi a ma watt 550, oonjezera pa amene adyetsa nyumba, akwanira ulendo wa tsiku limenelo. M'nyengo ya mvula, mitambo ikakuta kumwamba, muyembekezere zochepa.

Pali nambala ina imene wogula aliyense ayenera kuisunga m'mutu: ma amp 6. Pa muyezo umene machaja a m'nyumba amatsatira, motoka siiyamba kuchaja pansi pa ma amp 6. Pa ma volt 230 athu, imeneyo ndi pafupifupi 1.4 kW. Mtenje wanu ukapereka zotsala zosafika pamenepo, motoka idikira. Koma onani ubwino wake: 1.4 kW kwa maola asanu ndi mayuniti 7, ulendo wa mawa wakwana. Chaja yabwino kwa ife ndi imene itha kutsika mpaka ma amp 6, n'kukwera pang'onopang'ono, 8, 10, 16, malinga ndi dzuwa.

Apa m'pamene machaja aakulu a 11 kW ndi 22 kW amagwera. Amenewa ndi a three phase, ndipo nyumba zambiri zili pa single phase. Ngakhale muli ndi three phase, ma amp 6 pa mawaya atatu ndi kupitirira 4 kW, kutanthauza kuti mtenje uyenera kutsaza zochuluka chomwecho motoka isanalawe kanthu, pokhapokha chaja ili yotha kudzisinthira ku phase imodzi. Komanso chimene chimalamula liwiro ndi chipangizo chimene chili m'kati mwa motoka. Ma Leaf ambiri akale amalandira ma kW atatu ndi pang'ono, ena 6.6 kW. Mukawaikira chaja ya 22 kW adzamwabe pa mlingo wawo. Ena amati agula yaikulu pokonzekera motoka yamtsogolo. Ife tikuti ndalama imeneyo igule mapanelo ena awiri, kapena waya wonenepa bwino kuchokera pa distribution board kufika poimika motoka. Waya udzakhalapo zaka zambiri. Chaja mudzasintha motoka yamtsogoloyo ikadzabwera.

Musaiwale kamwa ya motoka. Mamotoka athu ambiri amabwera ogwiritsidwapo kale nchito kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay. Leaf ya ku Japan ili ndi polowetsera pa Type 1. Za ku Europe ndi zambiri zatsopano zili ndi Type 2. Zopangidwira msika wa m'dziko la China zili ndi GB/T. Izi sizilowana. Chaja yokhala ndi soketi ya Type 2 ndi nthambo yochotseka imakupatsani mpata wosintha nthambo chabe mukasintha motoka. Ndipo nthambo imene imabwera m'buti ya motoka ya ku Japan inapangidwira ma volt 100 kapena 200 ndi masoketi a kumeneko. Kuidula mutu n'kumangirira pulagi ya pa Kamwala ndi kuitana moto.

Nanga "smart" yeniyeni? Machaja ena nzeru zawo zonse zili pa seva ya kampani kunja kwa dziko. Tonse tikumbukira mmene netiweki inkavutira mu 2024 malaiti akapita nthawi yaitali. Chaja imene siingasinthe ma amp kapena kutsatira nthawi popanda intaneti idzakusiyani pa tsiku limene muifuna kwambiri. Funsani ngati ili ndi mabatani kapena Bluetooth, ngati imasunga machunidwe ake malaiti akapita, ndiponso ngati imayambiranso yokha akabwera pakati pa usiku. Funsaninso ngati imalankhula OCPP kapena Modbus, zinenero zimene zimalola zipangizo za makampani osiyana kumvana. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. App yokongola si umboni wa kanthu.

Za chitetezo sitinyengerera. Chaja imakoka malaiti ambiri kwa maola ambiri osapuma, kuposa ketulo kapena aironi. Ifunika waya wakewake, breaker yakeyake, ndi chotetezera cha RCD ya Type B, kapena ya Type A ngati chajayo ili ndi chozindikira kudontha kwa DC kwa 6 mA. Ifunikanso earth yopimidwa ndi chipangizo, osati yongoganizira. Machaja ambiri amakana kuyamba invata ikamayenda yokha popanda ZESCO ngati neutral ndi earth sizinalumikizidwe moyenera, ndipo imeneyi ndi nchito ya munthu wophunzira, wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Kuyambira November mpaka April mphenzi sizisewera, choncho surge protector ikhalepo. Mnzathu woika zipangizo, uzani kasitomala zoona ngakhale zikweze mtengo. Kasitomala wokhumudwa ndi mtengo amabwerera, koma amene garaji yake yapsa amauza komboni yonse.

Chomaliza ndi chimene otsatsa malonda satchula. Dzuwa limawala masana, ndipo masana motoka ya munthu wapanchito ili ku town. Woyendetsa Yango ndiye kwambiri, masana ndiyo nthawi yake yosaka ndalama. Ngati motoka imafika pakhomo 18 hours, chaja ya "solar" ilibe chochita kupatula Loweruka ndi Sondo. Munthu wotere zimene afunika ndi chaja yodziwa kudikira malaiti a ZESCO usiku, yosakhudza batire ya m'nyumba, n'kugwiritsa nchito dzuwa kumapeto kwa sabata. Njira ina ndi kukambirana ndi abwana kuti chaja ikhale kunchito, kumene motoka imakhala tsiku lonse pansi pa mtenje waukulu. Amene tili m'nyumba za renti, pa mita imodzi ndi anansi, tiyambe ndi alandilodi ndi kamita kathukathu kowerengera mayuniti, apo ayi mkangano wa "ndani wamaliza mayuniti" udzafika kwa acheyamani.

Ena mwa inu mukawerengera mudzapeza kuti chaja ya pakhoma simuifuna n'komwe. Chaja yonyamula m'manja, yotha kusintha ma amp, yolumikizidwa pa soketi yolimba yoikidwira nchito imeneyi, pa ma amp 10 imapereka 2.3 kW. Mayuniti 7 alowa m'maola atatu ndi pang'ono. Palibe manyazi pamenepo.

Ndiye dongosolo lake likhale lotere. Dziwani motoka: kamwa yake ndi mlingo umene imalandira. Dziwani makilomita anu a tsiku ndi kumene motoka imakhala masana. Dziwani invata, batire, ndi zimene mtenje umatsaza nyumba ikadya. Mukatero pitani kwa wogulitsa ndi manambala amenewa papepala, mumupemphe akuonetseni chaja ikugwira nchito ZESCO itazimitsidwa pa main switch. Akakana kuyesa, sungani ndalama zanu m'thumba.