Atsikana mwawasiyiranji?

Akonzi,

Nkhani yanu ya achinyamata omwe akumwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine kuti aledzere yakamba za anyamata okha. Mwaona ndi diso limodzi!

Kuno ku Mchinji atsikana nawonso akumwa mapiritsi onenepetsa ndi ena mobwerezabwereza, dokotala osawalembera. Mnyamata amadzandira pamsika, tonse n'kumuona. Mtsikana amamwera kuseri chifukwa cha manyazi, ndiye amavulala popanda womuthandiza.

Bungwe la PMRA, lomwe lamulo la 2019 linalipatsa mphamvu zoyang'anira mankhwala, lifike ku Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi kuchipata cha Mwami, lithane ndi ogulitsa opanda chiphaso. Inunso akonzi, tumizani mtolankhani adzamve kwa atsikanawo.

Kholo lokhudzidwa,
Mchinji